Bwana akalemba kuti "incredulous", musathamangire kuthokoza

Lachiwiri lapitali, kunja kukuwaza kamvula kamawawa kaja kosatha ka kuno ku Mzuzu, ndinapeza imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Chibavi. Dzina ndilisunga, popeza nkhaniyo ikukhudza pamene amapezera mchere ndi sopo. Amasunga mabuku a ndalama pa kabungwe kena m'tauni muno. Kumapeto kwa mwezi anatumiza kwa bwana wawo lipoti la ndalama zimene zinapita pa ulendo wa ku Karonga: mafuta a galimoto, malo ogona, chakudya cha anthu anayi. Bwana anayankha ndi mzere umodzi wokha: "I am frankly incredulous at these figures." Iwo poona kuti liwulo likufanana ndi incredible, lija amalimva pa wailesi yakanema munthu akachita zozizwitsa, anamwetulira n'kuyankha kuti, "Thank you, sir." Mnzawo wa pa desiki yoyandikana ataona yankholo anaseka mpaka kugwira nthiti, koma chomwe akusekacho osanena. Ndiye akufunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi liwu limeneli likutanthauza chiyani kwenikweni? Abwana anditukwana, kapena akundiyesa mbava? Nanga ine ndingaligwiritse ntchito bwanji kuti ndisadzachitenso manyazi?"

Achemwali, khazikani kaye mtima pansi. Abwana sanakuyamikireni, chimenecho ndinene osapsatira. Komanso sanakutukwaneni. Zimene analemba, m'Chichewa chathu, n'zakuti: "Kunena zoona, manambalawa akundikanika kuwakhulupirira." Inu n'kuyankha kuti zikomo kwambiri, bwana. Apo ndiye mnzanuyo anagwira nthiti.

Chimene chinakusokonezani si umbuli. Mawu awiriwa ndi ana a mimba imodzi, nkhope n'zofanana, ndipo ngakhale eni ake Chingerezi amawasemphanitsa. Kuti muwasiyanitse, funso ndi limodzi: liwulo lakhala pa ndani? Incredible limakhala pa chinthu chimene chachitika, nkhani imene yanenedwa, mtengo umene watchulidwa. Chinthucho n'chovuta kukhulupirira. Incredulous limakhala pa munthu amene waona kapena wamva chinthucho, mutu wake n'kukana kuchilandira. Manambala sangakhale incredulous, alibe mtima woti akane nawo. Abwana anu ndiwo anali incredulous. Ankanena za mumtima mwawo, osati za luso lanu.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pa nkhani imeneyi, chifukwa chilankhulo chathu chimachita zomwezo tsiku lililonse ife osazindikira. Tamverani mawu awa: kukhulupirira, kukhulupirika. Kusiyana n'kwa chilembo chimodzi cha kumapeto, koma kumatembenuza nkhani yonse. Mayi akati, "Bambo akunyumba kwanga ndi osakhulupirira," akudandaula kuti Lamulungu amatsala pakhomo anthu akupita kutchalitchi, kapena kuti chilichonse uwauza amafuna aone okha. Koma akati, "Bambo akunyumba kwanga ndi osakhulupirika," itanani ankhoswe, nkhani yakula. Palibe mwana wa Sitandade 4 amene angasokoneze ziwirizi. Wokhulupirira ndi amene akupereka chikhulupiriro, wokhulupirika ndi amene akuchilandira.

Kamchira ka Chingerezi koti -ible kamagwira ntchito ya -ika kapena -eka wathu uja. Kudya, kudyeka: bowa wodyeka Azungu amati ndi edible. Kuona, kuoneka: visible. Kumva, kumveka: audible. Chotero credible ndi nkhani yokhulupirika, yomveka kuti ingakhale yoona, ndipo mukaika in- kutsogolo mwaika "-sa-" wathu wokana uja, nkhani yasanduka incredible. Mukaona -ible, dziwani kuti tikunena chinthu chochitiridwa. Incredulous alibe kamchira kameneko, choncho ali kumbali ya wochitayo, munthu wosakhulupirira. Musanene kuti liwu lililonse lothera ndi -ous limanena za munthu, ayi, msewu wa ku Chiweta ndi dangerous ngakhale suli munthu. Ndodo yoyendera pano ndi -ible yekhayo.

Poti ndatchula Chiweta, ndikumbutseni za mwana wa kumeneko. Pa 25 January 2022, ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Flames inkasewera ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations. Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anaona goloboyi watsogola pang'ono, n'kumasula mpira ali patali mamita oposa 30. Ine usiku umenewo ndinali pa malo ena oonerapo mpira ku Chiputula, titathithikana pa mabenchi, majekete ali m'khosi. Pambali panga panali bambo wina wachikulire amene anali atanyamula botolo kupita nalo pakamwa. Mpira utagwedeza ukonde, anyamata onse analumpha, mabenchi kugwa, wina nsapato kuuluka. Bamboyo sanalumphe. Botolo linaima pakati pa njira, pakamwa pali yasa, maso ali tong'o pa sikirini. Kenaka anandigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu, "Chalowa? Ayi, achimwene, chalowadi?" Anadikira mpaka atachibwereza kachiwiri ndi kachitatu, pamenepo ndiye anakuwa, anzake atayamba kale kutola mabenchi.

Chigoli chija chinali incredible. Bambo uja anali incredulous. Sindidziwa chitsanzo china choposa chimenecho. Tinaluza 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi atabweza, koma zimenezo tisazikumbe lero.

Onaninso kuti pa chigoli chija incredible linali liwu loyamikira. Masiku ano ndi mmene anthu ambiri amaligwiritsira ntchito: chakudya chokoma, nyimbo yabwino, mwana wanzeru, zonse ndi incredible, monga ife timati "zoopsa" kapena "zosasimbika" pamene tikutama. Liwulo latha mano chifukwa chotafunidwa kwambiri. Mbale wake incredulous sanasinthe chotero. Iye akadali ndi mano ake onse, ndipo palibe pamene amatanthauza kuyamikira. N'chifukwa chake "Thank you, sir" wanu uja anagwera pa mwala.

Musaganize kuti ndikukusekani, chifukwa ine ndinachita zoipirapo. Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa pa sekondale ina, ndinali ndi mnyamata wa Fomu 2 amene teremu yoyamba anali kumchira kwa kalasi, teremu yachiwiri n'kufika pa nambala 6. Ndinasangalala, ndipo pofuna kuonetsa kuti Chingerezi ndinachimwa, ndinalemba pa lipoti lake ndi cholembera chofiira kuti, "An incredulous improvement." Ahedi ankasaina malipoti onse asanapite kwa makolo. Anandiitanitsa mu ofesi, magalasi ali pamphuno, chala chili pa mzere wanga. Anandifunsa modekha, ngati akufunsa za nyengo, kuti, "Aphunzitsi, kodi improvement imeneyi ikukana kukhulupirira chiyani?" Sanaonjezerepo china. Anandipatsa fomu yatsopano kuti ndilembenso, n'kupitiriza kusaina za anzanga. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, mwezi wa June, kuzizira kwa kumpoto kuno mukukudziwa. Kuyambira tsiku limenelo mawu awiriwa sanandisokonezenso, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti manyazi amaphunzitsa msanga kuposa dikishonale.

Patapita zaka ndinapeza kuti kalekale Angerezi ena ankagwiritsadi ntchito incredulous monga mmene ndinachitira ine. Shakespeare weniweniyo anatero m'sewero lina cha m'ma 1601, ndipo madikishonale akuluakulu amasungabe tanthauzo limenelo m'munsimunsi. Ndikanadziwa nthawi ija mwina ndikanakayankha ahedi. Koma ndikanaluzabe, ndipo n'koyenera. Chilankhulo chinasamuka pamenepo zaka mazana apitawo. Wochonga mayeso kapena bwana wowerenga kalata yanu yofunsira ntchito sadzakufunsani za Shakespeare, adzangodula mzere pansi.

Gwero la mawuwa ndi Chilatini, ndipo mukalidziwa mumagula mawu khumi ndi mtengo wa limodzi. Credere ndiko kukhulupirira. Akatolika achikulire amene anapemphera Misa ya Chilatini, kaya ku St Peter's Cathedral kuno kaya kwina, amakumbukira liwu loti Credo, limene limatanthauza kuti "ndikhulupirira". Ndilo liwu loyamba la chivomerezo cha chikhulupiriro chija timanena titaimirira, ndipo Angerezi anapangapo creed. Mapepala amene mumaonetsa pofunsira ntchito kuti akukhulupirireni ndi credentials. Mboni imene woweruza milandu wakhutira nayo ndi credible witness.

Ndiye pali credit, amene tonse timakhala naye m'thumba. Pafupi ndi kwathu pali kaokala ka mayi wina amene amasunga kope la masamba 80, lakuda m'mphepete ndi mafuta ophikira. Pakhoma analemba ndi penti kuti ngongole mawa, koma kopelo ladzaza ndi maina. Ukafika pa 24 mwezi uli pakati pa nyanja, amakuyang'ana kaye kumaso, osati m'thumba, kenaka n'kutsegula kope, kulemba shuga paketi imodzi, mazira anayi, sopo. Wina wobwera pambuyo pako, wa suti yabwino kuposa yako, amamuuza kuti awerenge pakhoma. Chimene mayiyo wakupatsa si shuga yekha, wakukhulupirira kuti pa 30 udzabwera. Credit pachiyambi ndi chinthu chimene wapatsidwa mokukhulupirira. Kutapa wa Airtel ndi Pasavute wa TNM ndi nkhani yomweyo, ngakhale kumeneko amene amakuyang'ana kumaso ndi kompyuta. Chilembo chimodzi mwa ma C awiri a m'dzina loti SACCO chikuimira liwu lomweli. Ngakhale credit ya pa mayeso a MSCE, magiredi 3 mpaka 6 aja amene ana athu amagona nawo m'kalasi kuti akapeze m'Chingerezi ndi maphunziro ena asanu, ndi mbale wawo: ndi umboni woti munthuyu mungamudalire pa phunziro limeneli.

Koma pa banja lonseli, munthu amene akutithandiza kwambiri pa funso lanu ndi Tomasi. Kuno kwathu munthu akamakana nkhani timati, "Iwe ndiwe Tomasi Didimo." Nkhani yake ili pa Yohane 20, kuyambira vesi 24. Anzake anamuuza kuti aona Ambuye, iye n'kunena kuti pokhapokha aone zipsera za misomali ndi kuikamo chala chake. M'Baibulo la Chilatini limene Jerome anakonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, mawu amene Yesu anauza Tomasi pa vesi 27 ndi akuti "noli esse incredulus sed fidelis", ndiye kuti usakhale wosakhulupirira koma wokhulupirira. Mwaliona liwu la abwana anu? Ndi lomwelo, langoonjezera o m'Chingerezi. Mmisiri wojambula wa ku Italy, Caravaggio, anajambula nkhaniyi cha m'ma 1601 kapena 1602, ndipo chithunzicho, chimene pa Chingerezi amachitcha The Incredulity of Saint Thomas, chili ku Potsdam m'dziko la Germany. Mukapeza mabandulo kachifufuzeni pa intaneti. Tomasi wawerama, malaya ong'ambika paphewa, chala chalowa m'bala la m'nthiti, maso atuzuka, pamphumi makwinya ali ngati mizere ya m'munda wa chimanga. Anzake awiri asuzumira pamwamba pa phewa lake, nawonso akufuna aone bwino. Mukayang'ana pamphumi pa Tomasiyo simudzafunanso dikishonale.

Ndipo taonani chinthu chimodzi pa nkhani yake. Tomasi sananene kuti Petro ndi anzake ndi abodza. Anali nawo zaka zitatu, ankadya nawo mbale imodzi. Chimene chinamukanika ndi kukula kwa nkhaniyo, mutu wake unalibe malo oti ayiikemo. Anapempha umboni. Ndiye pa funso lanu loti kodi abwana akukuyesani mbava, yankho langa n'lakuti liwulo palokha silinena zimenezo. Akanafuna kukunenani za kuba pali mawu ena, suspicious, dishonest, fraudulent, ndipo bwana amene waganiza za kuba kawirikawiri salemba mzere umodzi, amaitana anthu a odita. Incredulous ndi munthu amene wagwira pakamwa n'kuti, "Aaa, zoona izi?" Sindikunamizani kuti ndi liwu lozizira. Likachokera kwa bwana, pa nkhani ya ndalama, kutsogolo kwake kuli frankly, ndiye kuti nkhope yawo sinali yosekerera. Frankly ndi "kunena mosabisa" wathu uja, ndipo mukudziwa kuti munthu akayamba ndi mawu amenewo chotsatira sichikhala chotsekemera. Koma khomo likadali lotsegula. Akufuna chala chilowe m'bala, ndipo bala lake pano ndi malisiti.

Pali anansi ena a liwuli amene muyenera kuwadziwa kuti musalowe nyumba yolakwika. Sceptical, amene Aamereka amalemba ndi k, ndi kukayika kwa phee, kwa munthu amene wakhala pansi n'kuganiza. Mlimi wa khofi ku Misuku akamva za mbewu yatsopano n'kunena kuti tiyambe taona kwa anzathu chaka chino, ameneyo ndi sceptical. Sanadzidzimuke, nkhope yake sinasinthe. Incredulous ali ndi kudzidzimuka mkati, ndi kukana kwa nthawi yomweyo, kumene kumatulukira pankhope munthu asanaganize n'komwe. Ndi "Bodza!" amene timakuwa mnzathu akatiuza kuti uje wakwatira, pamene sitikumunena iyeyo kuti ndi wabodza. Anzathu a Chitumbuka pa depoti kapena mu msika wa Zigwagwa mudzawamva akuti "Nadi?" kapena "Utesi!" ndi mawu okwera, nsidze zili m'mwamba. Ndi chomwecho basi. Surprised ndi kudabwa chabe, munthu wodabwa walandira nkhaniyo ngakhale sanaiyembekezere. Munthu amene ali incredulous sanailandirebe, ili pakhomo.

Disbelief ndi dzina la mkhalidwe womwewo, ndipo ndi liwu limene mudzakumana nalo kwambiri m'nyuzipepala, makamaka m'mawu oti in disbelief. Amene munali kuno mu December 2015 mukukumbuka m'mawa umene tinamva kuti laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga yapsa. Anthu anapita kukaona okha, osati poti ankakayikira wailesi, koma poti nkhani yoti mabuku onse aja asanduka phulusa sinkalowa m'mutu. Anaima chapatali, manja ali kumbuyo, ena atagwira tsaya, osalankhulana. Mtolankhani wa Chingerezi akanalemba kuti "They stood in disbelief." Akanathanso kulemba kuti "They were incredulous," koma pa chisoni chotere disbelief ndi amene amakhala bwino, chifukwa incredulous nthawi zambiri amanunkhira kamkwiyo kapena kachipongwe pang'ono, ngati munthu akuti, "Ukundiona ngati mwana?" Unbelief musiyireni abusa, ndi kusakhulupirira kwa nkhani za Mulungu.

Ndiye pali credulous, wopanda in- kutsogolo. Musaganize kuti poti mnzake ndi wokana, iyeyu ndi wabwino. Credulous ndi munthu womeza chilichonse osatafuna. Uthenga uja umabwera pa foni, wochokera ku nambala yosadziwika, woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ine foni yanga yavuta. Amene amathamangira kwa ejenti kukatumiza osaimba kaye foni, ameneyo ndi credulous. Mukamuuza munthu kuti ndi credulous mwamunena kuti ndi wopusitsika, choncho lisungeni la kumbali. Wina anadzitama nalo pa intavyu, poganiza kuti akunena kuti ndi wodalirika. Liwu limene ankafuna ndi credible, kapenanso bwino reliable.

Tsopano kagwiritsidwe kake. Kawirikawiri limatsatira was, looked kapena sounded: "She was incredulous." Mukafuna kutchula chinthu chimene chakukanikani kukhulupirira, ikani at monga anachitira abwana anu, kapena that n'kutsatiza chiganizo: "I was incredulous that the fare had doubled." Limathanso kukhala pa zinthu zimene zimaonetsa za mumtima mwa munthu, nkhope, maso, mawu, kaseko: an incredulous look, an incredulous laugh. Apa musati lamulo lathu lasweka, chifukwa nkhopeyo ndi ya munthu, ikungomuimira. Pa nkhani zolemba mudzaona incredulously: "Five thousand kwacha?" he asked incredulously. Dzina lake ndi incredulity. Chiyeso chachidule musanatumize kalata ndi ichi: chotsani liwulo muikepo "wosatha kukhulupirira". Ngati chiganizo chikumveka, muli bwino. Ngati mwapeza kuti mukunena za mtengo wa chimanga wosatha kukhulupirira, kapena chigoli chosatha kukhulupirira, ngati kuti chigolicho chili ndi maganizo, ndiye kuti mumafuna incredible.

Katchulidwe kake kali ndi msampha wathu wa masiku onse, l ndi r. M'Chichewa ziwirizi ndi mapasa, "bwera" ndi "bwela" palibe amene angakutengereni kubwalo. M'liwu ili zonse zilimo, r kutsogolo, l kumbuyo, ndipo lilime likatopa limazisinthanitsa n'kutulutsa "inkilejurasi". Nenani pang'onopang'ono: in-KRE-ju-las, mphamvu ili pa KRE, ndipo d uja amamveka ngati j. Kumapeto musaonjezere i, ngakhale pakamwa pakufuna. Pa incredulity mphamvu imasamukira pa DYU, in-kri-DYU-li-ti. Ndinkauza ana a sukulu kuti akumbukire credit wa mufoni: palibe amene amalemba cledit, ndiye yambirani pamenepo, cred, kenaka u, kenaka lous.

Kodi muzilinena kangati? Mwa apo ndi apo. Ndi liwu la m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'makalata a ofesi. Mngerezi ali pa minibasi sanena kuti "I am incredulous," amangoti "I can't believe it," kapena "You're joking." Inu mukakauza kondakitala wa ku Ekwendeni kuti muli incredulous ndi mtengo wake, adzakuyankhani kuti tsikani mukwere ina. Ndipo pano ndinene maganizo anga, abwana anu akawerenga andikhululukire. Akanatha kulemba kuti manambalawa akuoneka okwera, tabwerani tikambirane. M'maofesi mwathu muli kachizolowezi kobisala kuseri kwa Chingerezi cholemera pamene tikufuna kudzudzula wa pansi pathu, kuti iye ayambe wavutika ndi liwulo asanafike pa nkhani yeniyeni. Zotsatira zake ndi zimenezi: tsiku lathunthu lapita, wantchito akuganiza kuti wayamikiridwa, bwana akuganiza kuti wantchitoyo ndi wamwano. Pajatu "Thank you, sir" wanu uja, kwa munthu amene sakudziwa kuti simunamve, akumveka ngati chipongwe. N'chifukwa chake musachedwe kukonza. Za mnzanu wosekayo sindinena zambiri. Kuseka n'kwachibadwa, ine ndemwe ndinaseka powerenga. Koma munthu ukatha kuseka umamukokera mnzako pambali n'kumuuza.

Chochita mawa m'mawa n'chosavuta. Musalembe ndime zitatu zopepesa, ndipo musayese kubweza ndi Chingerezi cholemera kuposa chawo. Mizere iwiri ikwana: "Sir, I misread your message yesterday and I apologise. I understand the figures look high, and I would like to bring the receipts and go through them with you." Mwavomera kuti simunamve, mwaonetsa kuti tsopano mwamva, ndipo mwapempha mpata. Bwana wanzeru amalemekeza munthu wotero kuposa wodziwa mawu onse a m'dikishonale.

Polowa mu ofesimo musapite manja lendelende. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Karonga ndi makilomita opitirira 200, kupita kokha, ndipo galimoto yokwera mapiri a Chiweta pobwerera simwa mafuta ngati ili pa chigwa. Lembani papepala makilomita a pa galimoto ponyamuka ndi pofika, malita amene munathira, ndi mtengo wa lita pa tsikulo. Anthu ambiri amene sagula okha zinthu amasunga m'mutu mitengo yakale. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndaona anthu ochuluka akugwira pakamwa pa kauntala ngati bambo wa botolo uja, osati poti wogulitsa akuwabera, koma poti nambala ya m'mutu mwawo ndi ya chaka china. Mwina abwana anu ulendo wa ku Karonga anaupanga komaliza chipinda chogona chili pa theka la mtengo wa lero. Ngati pali pamene munalakwitsa kuwonkhetsa, kapena lisiti lina munalilemba kawiri, pezanipo nokha usiku uno iwo asanapezepo, mukanene ndinu.

Malisiti a pa filing'i siteshoni aja, a pepala loterera, amafufutika akakhala m'chikwama milungu iwiri, makamaka ndi chinyezi cha kuno. Musanapite nawo, dutsirani pa malo ojambulitsa mapepala m'tauni muwachite fotokope onse, muwasanje motsatira masiku, n'kuwamenya sitepula pakona. Kope limodzi la abwana, lina lanu.